Munthu wa Ume

Tsiku limene mayi ake anatchula dzina la Shogo, Chizuru anatsala pang'ono kugwetsa mbale ya mpunga. Chaka chonse mayi Nagamine sankalitchula dzinalo. Akafuna kunena za chibwenzi cha mwana wawo ankangoti "wasopo uja," poti kwawo kwa Shogo anali ndi kashopu kochapa ndi kusita zovala kuseri kwa siteshoni ya sitima ku Takasaki. Iwowo anali mkazi wamasiye wa mphunzitsi wamkulu, ndipo sankaona chifukwa choti mwana wawo mmodzi yekhayo akakalambire pakati pa malaya a eni ake.

Koma madzulo amenewo, akudya, anangoti, "Kodi Shogo wakoyo sitima amadziwa kukwera?"

"Amayi, mwati ndani?"

"Wandimva. Usandibwerezetse, dzinalo limanditsamwa."

Anaika kapu ya tiyi pansi n'kufotokoza. Mwezi wa Malichi ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Malemu amuna awo ankawalonjeza kuti chaka chimenecho adzawatengera ku paki yamasewera ya Kazaguruma, akagone mu hotela ya m'pakimo, akakwere chigudumu chachikulu chokweza anthu m'mwamba chija chimaonekera patali. Anamwalira lonjezo lili m'kamwa.

"Tipita atatu," anatero. "Chipinda changa ndi iwe asankhe yekha. Iwe usamuuze kanthu."

"Ndiye kuti mwamulola, amayi?"

"Ndati ndikufuna ndimuone. Mwamuna sumudziwira pa maluwa amene wakubweretsera, umamudziwira pa malo amene wayalira mlendo. Akandikhutiritsa, abwere ndi makolo ake tidzakambe za ukwati. Akalephera, nkhani imeneyi isadzamvekenso m'nyumba muno. Tamvana?"

Chizuru anati amvana. Anatsuka mbale akuimba, zimene anali asanachite chimwalirire bambo ake.

* * *

Kodi alipo mtsikana wa m'chikondi amene anasungapo lamulo lotere? Kutangocha anamuitana Shogo, ndipo masana anakumana m'kanyumba kodyera mkunga wootcha kumene anaonanirana koyamba.

Kwathu kuno chinthu chogula chimabwera patatu, kaya ndi mkunga, kaya maluwa a ukwati, kaya chipinda chogona. Sitinena kuti chodula, chapakati, chotchipa, chifukwa wogula angachite manyazi. Timatchula mitengo. Matsu, yemwe ndi paini, amakhala pamwamba. Take, nsungwi, amakhala pakati. Ume, kamtengo ka zipatso zowawasa kaja, ndiye wa pansi. Mwana amazidziwa zimenezi asanadziwe kumanga nsapato.

"Ndayang'ana kale," anatero Shogo, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. "Hotelayo ili ndi zonse zitatu, ndiye ine ndimaganiza kuti..."

"Take," Chizuru anamudula. "Usavutike n'kuganiza."

"Iwe, ndimalize kaye."

"Ndimawadziwa amayi anga. Ukatenga Matsu adzati ndiwe wamatama, ukufuna kuwagula ndi ndalama zobwereka. Ukatenga Ume adzati ndiwe woumira, mwana wawo akafa ndi njala. Munthu wa Take palibe amamudzudzula."

"Palibenso amamukumbukira."

"Shogo!"

Iye anaseka, kenako anayamba kuseweretsa timitengo todyera. Anali munthu wosalankhula zambiri, wa manja okhala ndi timabala ta simbi, koma zimene wamva sankaiwala.

"Ukukumbukira pa mwambo wokumbukira bambo ako?" anafunsa. "Ine anandikhazika kukhomo, pafupi ndi nsapato. Ndinawamva mayi akuuza azakhali ako kuti, 'Malemuwa anali munthu wa Take. Nyumba ya Take, galimoto ya Take, ngakhale bokosi lawo linali la Take.' Anthu anaseka, iwonso anaseka. Koma ine sindinamve ngati akuyamikira."

"Zimenezo ndi zawo ndi amuna awo. Ife tili ndi mpata umodzi wokha, tikauphonya basi. Ndikukupempha, wokondedwa, usayesere nzeru pano."

Shogo anamuyang'ana, kamwetulira kachilendo kali pakamwa. "Hotela imeneyi ili ndi zake," anatero.

"Zake zotani?"

"Udzaona. Ndisiyire ine. Umandikhulupirira kapena ayi?"

"Ndimakukhulupirira ndi mtima wonse. Koma utenge Take."

"Mkazi uyu adzandilamulira mpaka kumanda," anatero Shogo akuuza mayi woperekera zakudya yemwe anali atafika. "Tipatseni mbale ziwiri za mkunga. Wa Take, mayi, kuopa ndingamenyedwe."

Anadya akuseka, mawondo akugundana pansi pa tebulo. Chizuru anabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

* * *

Kutatsala sabata ziwiri kuti anyamuke, mayi Nagamine anapita kukakonzetsa tsitsi, ndipo Chizuru anapita kukawatenga. Saluni imeneyo sankaikonda, chifukwa ndi mmene munkagwira ntchito Marika.

Marika ndiye anali chibwenzi cha Shogo, Chizuru asanabwere. Kwawo kunali moyandikana ndi kashopu kochapira kaja, ndipo ngakhale chibwenzi chinatha, iye ankalowabe kukhitchini kwa mayi ake a Shogo ngati mpongozi wa pakhomo. Anali wokongola, palibe angatsutse, ndipo anali ndi kalankhulidwe kotsekemera kamene kamakusiya utabayidwa usanadziwe.

"Asisi Chizuru, takulandirani!" anatero, chipeso chili m'manja, ataima kumbuyo kwa mayi Nagamine. "Ndimangowauza mayiwa kuti mwayi wake ndi umenewu. Ulendo wa ku Kazaguruma! Dzana ndinali kwa mayi ake a Shogo, ndiye ndinamumva akusungitsa chipinda pafoni. Mwana wa eni ake wadzipereka ndithu. Ume, usiku uwiri."

Lumo la mtsikana wa pampando wina linaima. Amayi atatu amene ankadikira anatsitsa magazini awo nthawi imodzi.

"Wati chiyani?" anafunsa Chizuru.

"Ume. Aa, simumadziwa? Pepani, pakamwa pangapa padzandiphetsa."

"Ume," anabwereza mayi Nagamine, akuyang'ana pagalasi, nkhope yosagwedezeka.

"Musamuweruze, mayi," Marika anapitiriza, akuwongola tsitsi lawo mwachifatse. "Mwina shopu siikuyenda bwino masiku ano. Ine nthawi ija ananditengera ku akasupe a madzi otentha anatenga Matsu, mpaka ndinachita kumuletsa kuti ndalama zisathe. Koma paja ndi kale. Anthu amasintha. Kapena amaona amene akuyenda naye, kaya."

Koma Marika, inu! Anawatsanzika pakhomo atawerama mpaka m'chiuno, n'kuwafunira ulendo wabwino.

Mayi ndi mwana anayenda mpaka pa mlatho. Chizuru ankamva makutu ake akutentha ngakhale kunali mphepo yozizira.

"Mwina sanamve bwino," anatero ndi mawu ang'onoang'ono.

"Amene anali mmuja amva bwino. Pofika mawa tauni yonse idzakhala ikudziwa mtengo wa mkazi wa malemu Nagamine." Anaima n'kumuyang'ana mwana wawo m'maso. "Bambo ako sanali olemera, koma sanandigonekepo pa Ume. Ndipo wamva wekha kuti ndalama amakhala nazo akafuna. Uja anamuona woyenera Matsu. Iweyo?"

Funso limenelo linamulowa Chizuru ngati munga, ndipo sanapite kunyumba. Anakhotera kusiteshoni.

* * *

Anamupeza Shogo m'chipinda cha kuseri kwa shopu, akusita malaya oyera pakati pa nthunzi. Atamuona anaika simbi pambali, akumwetulira.

"Ndi zoona?" anafunsa Chizuru, nsapato asanavule n'komwe.

"Zoti ndine wokongola? Anthu amatero."

"Watenga Ume?"

Shogo anadzimenya pachipumi n'kuseka. "Aa, wakuuza ndani? Ine ndimafuna mukadzidzimuke mukafika."

"Tadzidzimuka kale! Mu saluni, pamaso pa anthu, Marika akupesa amayi anga. Ukuseka? Ukuona ngati n'zoseketsa?"

"Chizuru, khala pansi ndikufotokozere. Ume wa kumeneko..."

"Ume ndi Ume! Ndinakupempha. Ndinachita kukugwira dzanja kuti utenge Take. Chinthu chimodzi chokha ndinakupempha chiyambire chibwenzi chathu."

"Tandimvera kaye, iwe."

"Marika unamugoneka pa Matsu."

Kumwetulira kunachoka pankhope ya Shogo. "Zimenezo zikubwera bwanji pano?"

"Ndi zabodza?"

"Si zabodza. Ndinali mwana, ndinkafuna kuoneka munthu. Koma sizikukhudzana ndi..."

Chizuru sanamumvenso. Misozi inali itayamba, ndipo pamodzi ndi misoziyo munatuluka zonse zimene anameza chaka chonse.

"Ukudziwa zimene ndapirira chifukwa cha iwe? Amayi akamati wasopo, ine kukuikira kumbuyo. Anzanga akamandifunsa kuti mwamuna wako amagwira kuti, ine kuseka nawo ngati sizikundiwawa. Azakhali anandibweretsera zithunzi za madokotala, ine kukana zonse. Ndinkadziuza kuti palibe kanthu, munthu akhoza kukonda Ume. Koma amayi ananena zoona. Munthu wa Ume ndi wa Ume basi, ngakhale umuchape chotani!"

Makina ochapira ankazungulira kuseri kwa khoma.

Shogo sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangomuyang'ana ngati akumuona koyamba, kenako anayang'ana manja ake.

"Kani," anatero pang'onopang'ono. "Nthawi yonseyi umandipirira."

"Sindinatero."

"Watero. 'Munthu akhoza kukonda Ume.' Ine ndimayesa kuti kwanu kuli munthu mmodzi wondionera pansi, ndipo ndimati ameneyo ndidzamugonjetsa ndi ulemu. Sindimadziwa kuti alipo awiri."

Mkwiyo wa Chizuru unaphwa nthawi yomweyo, m'malo mwake munalowa mantha. "Shogo, ndalankhula ndi mtima wopsa. Unati ufotokoza. Fotokoza, ndikumva."

"Palibenso chofotokoza. Za chipinda zinali zosavuta." Anatenganso simbi yake n'kuwongola kolala ya malaya. "Izi wanenazi ndiye sindingazisite. Pita kunyumba, mayi akudikira."

Chizuru anaima pakhomopo kanthawi, akudikira kuti Shogo atukule mutu. Sanatukule.

* * *

Uthenga unabwera patapita masiku angapo, ndipo unali waufupi. "Chipinda ndinalipira kale, sabweza ndalama. Mupite ndi mayi, tsiku lawo lisaonongeke chifukwa cha ine. Ine sindibwera."

Chizuru anauwerenga mpaka anauloweza. Analemba "Pepa," n'kufufuta. Analemba "Ndakusowa," n'kufufutanso. Akakumbukira nkhope ya Shogo pamene ankayang'ana manja ake, mtima unkamuwawa. Koma akakumbukira Matsu wa Marika, mtima womwewo unkauma. Kodi iye ndi amene ayambe kupepesa, chikhalirecho wachititsidwa manyazi ndi iyeyo? Ankaika foni pansi, n'kuitolanso, n'kuiikanso pansi. Anaonda, ndipo zovala zake zofunika kuchapitsa zinangounjikana pampando, chifukwa sakanazipereka kwa wochapa wina.

Pomaliza anawaonetsa mayi ake uthengawo, akuyembekeza kuti anena kuti ulendo wafa.

"Tipita," anatero mayi Nagamine.

"Amayi, ine sindingathe."

"Utha. Ndikufuna ukaone ndi maso ako dzenje limene anatikonzera. Ndikakuletsa lero popanda umboni, udzandida mpaka ndidzafe, udzidzati amayi anandilanda mwamuna wabwino. Kaone, ulire, zithe."

Ananyamula chopukutira chawo, sopo wawo, ngakhale pilo wawo, ati malo otere sungadziwe amene anagonapo dzulo.

* * *

Mu sitima Chizuru anakhala kuzenera, moyang'anizana ndi mpando umene ukanakhala wa Shogo. Pampandopo panakhala bambo wina wachilendo amene anagona njira yonse kukamwa kuli yasa. Atatsika, nyimbo za m'paki zinawalandira patali. Ana ankathamanga ndi zibaluni, anyamata ndi atsikana atavala zipewa zofanana, atagwirana manja. Kulibe malo owawa kwa munthu wosweka mtima ngati kumene aliyense akusangalala.

Mu hotela, pa tebulo lolandirira alendo, mtsikana wa yunifolomu atangomva dzina anatuluka kuseri kwa tebulo n'kuwerama.

"Mayi Nagamine, takhala tikukuyembekezerani. Katunduyo musiyeni, abwera naye."

"Mwalakwitsa, mwana wanga," anatero mayiwo mouma. "Ife ndi a Ume."

"Inde mayi, a Ume. Tiyeni kuno."

Analowa m'chikepe. Mayi Nagamine anakumbatira chikwama cha pilo wawo, akudikira kuti chiime pa nsanjika yoyamba. Sichinaime. Chinapitirira, n'kupitirirabe, mpaka manambala anatha. Chitseko chitatseguka anaponda kapeti wofewa ngati bulangeti, ndipo mtsikana uja anawatsegulira khomo la kumapeto.

"Pepani," anatero Chizuru. "Chipinda chathu ndi cha Ume."

"Ndi chimenechi. Kuno timawerenga chobwerera. Anthu a dera lino amanyadira mitengo yawo ya ume, ndiye eni hotela anakana kuuika pansi. Matsu ndi wa pansi uja, woyang'ana koimika magalimoto. Ume ndiye wapamwamba kuposa zonse. Alendo ambiri amasokonezeka, musadandaule."

Khoma lonse la kutsogolo linali zenera. Chigudumu chija chinali pomwepo, chikuzungulira pang'onopang'ono, pafupi moti unkatha kuona anthu akubayibitsa. Pansi pake phiri lonse linali mbuu ndi maluwa a ume, oyera ndi ofiirira. Pabedi lalikulu panali kajekete kofiira kopanda manja, kamene munthu amavala akakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Kanali kositidwa mwaluso, kopanda khwinya ndi limodzi lomwe, ndipo Chizuru sanafunike kuuzidwa dzanja limene linagwira simbiyo.

"Chakudya chamadzulo tidzabweretsa muno," anapitiriza mtsikanayo. "Poyamba chinali cha anthu atatu, koma bambo amene anasungitsa anaimbanso kuti tichotse mpando umodzi. Anati zina zonse zikhale mmene anakonzera."

Anawerama n'kutuluka.

Chizuru anakhala pansi pomwepo pa kapeti. "Hotela imeneyi ili ndi zake." Anamuuza! "Ume wa kumeneko..." Anayamba kumuuza kawiri konse, iye n'kumutseka pakamwa. Masiku onsewa foni inali m'manja mwake, akanangoyang'ana dzina la hotelayo akanaona. Koma ndani amayang'ana chinthu chimene anachidziwa ali mwana? Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Chimene chinamupweteka koposa sichinali kulakwitsako ayi, chinali chakuti mawu amene anamulasa nawo Shogo sanali okhudza chipinda.

Mayi Nagamine anali ataima pazenera, chikwama cha pilo chitagwa pansi. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Bambo ako akanatenga Take," anatero. "Ndikanaliona gudumuli ndi khosi lopindika, ndikanati zikomo, ndikanakhala chete monga mwa masiku onse." Anapita pabedi n'kusisita kajekete kaja ndi nsonga za zala. "Mwana uja ndinamukhazika pafupi ndi nsapato. Anamva bwanji zimene mwamuna wanga sanamve zaka zonse zija?"

"Amayi, ndinamunena zoipa. Zoipa kwambiri."

"Tonse tinamunena. Muimbire."

* * *

Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Kachitatu inayankhidwa, ndipo Chizuru anayamba kulankhula asanamve mawu a munthu.

"Shogo, ndaona. Tafika, taona zonse. Ndikhululukire, ine ndine chitsiru, ndi..."

"Asisi Chizuru! Mwafika bwino?"

Anali Marika.

"Foni ya Shogo ikutani ndi iwe?"

"Anaisiya kukhitchini kuno, ine ndikukonza tiyi wa alendo. Nanga chipinda chotchipa chija mwachipeza bwanji? Akuti gudumu limaoneka bwino kumeneko."

Chizuru anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Umadziwa."

"Nanga ndilekerenji kudziwa? Ndinali pomwepo akufunsa mtengo, ndinamuona akutuluka thukuta. Njinga yake yamoto ija mukuiona masiku ano? Anaigulitsa kuti alipire chipindacho. Koma ine sindinaname, asisi. Ndinati Ume, ndipo ndi Ume. Zina zonsezo munanena nokha, ndi pakamwa panu."

"Mpatse foni."

"Panopa n'zovuta. Ali pabalaza, wavala suti. Bambo ndi mayi anga abwera, akukambirana za ukwati ndi makolo ake." Anatsitsa mawu ngati akuuza mnzake chinsinsi. "Paja khoma la shopu lija ndi lopyapyala. Tsiku lija mayi ake anali kuseri, anamva zonse. Analira usiku wonse. Ati mwana wawo sadzagwadanso pakhomo la a Nagamine, kuli anthu ena amene amamuona ngati munthu."

"Iye wavomera?"

"Sanakane."

Chizuru anatseka maso. Kenako patali, kuseri kwa phokoso la makapu, anamva chitseko chikutseguka ndi mawu amene akanawazindikira pakati pa khamu.

"Marika, tiyi akudikira. Ukulankhula ndi ndani pafoni yanga?"

"Shogo!" anakuwa Chizuru. "Shogo, ndine!"

Ankayembekeza kuti Marika adula, kapena anama kuti wina walakwitsa nambala. Koma Marika sanaope n'komwe.

"Ndi Chizuru," anatero. "Afika. Ulankhula naye?"

Kunali chete. Chizuru ankamva kupuma kwake komwe, ndi kulira kwa ketulo ya m'khitchini ya eni ake. Anapemphera kuti amve mapazi akuyandikira.

"Mufunse ngati mayi achikonda chipindacho," anatero Shogo.

"Basi?" anafunsa Marika.

"Basi. Bwera ndi tiyiyo."

Foni inaduka.

Chizuru anakhalabe ataigwira kukhutu. Atatembenuka anapeza mayi ake atavala kajekete kofiira kaja, akupukuta m'maso, nkhope yawo itafewa mmene anali asanaionepo.

"Wati bwanji?" anafunsa mayi Nagamine. "Akubwera? Muuze akwere sitima yotsatira, ndiitanitsa mpando wake ubwerere. Ndikufuna ndimupepese ndekha, ndimuuze kuti abwere ndi makolo ake. Chizuru? Bwanji ukundiyang'ana choncho?"